Diresi la Natsache

Panali mtsikana wina amene kwawo ankamutcha Kaphuma. Dzinali silinabwere lokha. Kaphuma ankadya mothamanga. Ankasamba mothamanga. Akavula diresi, ankalisiya pansi pomwepo, iye n'kuthamanga.

Kaphuma ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna chiweto chakechake.

Koma nyumba yawo inali ya lendi. Inali yaing'ono. Eni nyumba mawu awo sankasintha.

"Galu ayi. Mphaka ayi. Nkhuku ayi."

Kaphuma ankakhala ndi amayi ake. Amayi ankachapa zovala za anthu. Ankachapa, ankayanika, ankasita. Manja awo ankanunkhira sopo tsiku lonse. Amayi ndi litsiro sankamwerana madzi. Akaona kadontho pambale, ankatsuka. Akaona kafumbi pazenera, ankapukuta.

"Amayi, tabwerani mukhale nane," Kaphuma ankatero.

"Ndikubwera, mwanangu. Nditsirize kaye ichi."

Koma ichi chikatha, pankabwera icho. Amayi sankakhala pansi.

Tsiku lina kunabwera amalume. Amalume anali achimwene awo a amayi. Ntchito yawo inali yodula magalasi a mazenera. Iwo anali munthu wosafulumira. Akamayenda, ngakhale nyerere zinkawapitirira.

Amalume ananyamula chinthu chokulunga m'bulangete. Anachiika patebulo, pafupi ndi zenera. Anavundukula. Linali bokosi lagalasi.

"Ndamata zotsala za kuntchito," anatero amalume. "Iyi ndi thanki. Muno mudzakhala nsomba."

"Achimwene, nanga eni nyumba?" anafunsa amayi.

"Anati galu ayi, mphaka ayi, nkhuku ayi. Za nsomba sananenepo. Nsomba siuwa, mlongo wanga."

Kaphuma analumphalumpha.

"Nsombazo zili kuti, amalume? Tiziikemo pompano."

"Dekha, Kaphuma. Timayamba ndi munda. Mlendo safikira m'nyumba yopanda kanthu."

Amalume anathira dothi pansi pa thanki. Pamwamba pa dothi anathira mchenga. Anaikamo mwala wosalala. Anaikamo kachitsa kopindika. Kenako anadzala zomera za m'madzi. Zina zinali zazitali ngati udzu. Zina zinali ndi timasamba tozungulira. Pa kachitsa paja anamangapo kathengo kofewa, kobiriwira.

Kaphuma anathamangira kumpopi ndi ndowa.

"Madzi ndi awa, amalume. Thirani."

"Lero ayi. Madzi a pampopi amayamba agona m'ndowa. Akagona, mankhwala ake amachoka."

"Madzi amagonanso?"

"Amagona. Ndipo sadzuka mothamanga ngati iwe."

M'mawa mwake anathira madzi ogona aja. Anathira pang'onopang'ono. Kaphuma anayang'ana kumbuyo kwa thanki. Anayang'ana kunsi kwa tebulo.

"Amalume, makina ake ali kuti? Nanga chingwe cha magetsi?"

"Muno mulibe makina," anatero amalume. "Dzuwa lidzadyetsa zomera. Zomera zidzapatsa nsomba mpweya. Nsomba zidzapatsa zomera manyowa. Aliyense ali ndi ntchito yake."

"Nanga ine ntchito yanga ndi chiyani?"

"Yako ndi yovuta kuposa zonse. Manja kumbuyo, maso patsogolo."

Kaphuma anaika manja kumbuyo. Manjawo anayabwa nthawi yomweyo.

Masiku anapita. Zomera zinagwira. Zinaphuka timasamba tatsopano. Madzi anayera mbee. Koma nsomba munalibe. Kaphuma anatopa n'kudikira.

Kenako amalume anabweranso. Ananyamula thumba la pulasitiki lodzaza madzi. M'thumbamo munali tinsomba tonyezimira. Munali nkhono yaing'ono ya m'madzi. Munalinso tizilombo tina tofiira, ta ndevu zazitali.

"Iti ndi tiyani?" anafunsa Kaphuma.

"Ndi tishirimpi. Ndi tiabale ta nkhanu, koma tilibe zopanira zoopsa. Tidzakhala tosesa m'nyumba muno."

Amalume anayandamitsa thumba lija pamwamba pa madzi. Anadikira. Kenako analitsekula. Tinsomba tinatuluka. Nkhono inatsika. Tishirimpi tinatera pamchenga.

Kashirimpi kamodzi kanali kakakulu kuposa tinzake. Kanali kofiira psuu. Kanangofika n'kuyamba ntchito. Kanasesa pamwala. Kanasesa patsamba. Timanja take sitinkapuma.

"Aka kakufanana ndi amayi," anatero Kaphuma. "Dzina lake ndi Natsache."

Amalume anaseka. Amayi sanamve. Anali panja, akuyanika zovala.

"Tamvera, Kaphuma," anatero amalume. "Ine ndikupita kutali. Tikukaika mazenera panyumba yaikulu yosanja. Nditenga nthawi. Chakudya uzithira chochepa, chongotsina ndi zala. Madzi akachepa, uzionjezera ogona. Sopo asayandikire, amapha. Ukaona chachilendo, usathamange. Manja kumbuyo, maso patsogolo."

"Ndamva, amalume."

Koma Kaphuma anamva ndi khutu limodzi. Khutu linalo linali kale m'madzi.

Tsiku lililonse Kaphuma ankaweruka kusukulu n'kuthamangira kuthanki. Ankakoka kampando. Ankaika chibwano patebulo. Dzuwa lamasana linkalowa pazenera. Linkalowa m'madzi. Madzi ankasanduka agolide.

Pamasamba pankatuluka tithovu. Tithovu tinkakula. Tinkachoka patsamba, n'kukwera mmwamba. Tinkakwera kamodzikamodzi, mwakachetechete.

Tinsomba tinkadutsa pakati pa udzu. Nkhono inkakwera galasi. Natsache ankasesa.

Masana ena kunatentha. Panja amayi ankachapa. Madzi ankalira m'beseni, chubwi, chubwi. Maso a Kaphuma analemera. Zikope zinatsika. Kaphuma anayamba kuchepa. Anachepa, anachepa, mpaka anafanana ndi nyemba.

Anapezeka ali m'thanki. Udzu uja unali mitengo italiitali. Mwala uja unali phiri. Kumwamba kunali denga lonyezimira. Tsitsi lake linkayandama.

Kaphuma anafuna kuthamanga. Miyendo inakana. M'madzi simuthamangika.

"Takulandira, mlendo," anatero mawu ena.

Anali Natsache. Anali wamkulu ngati ng'ombe. Ndevu zake zinkagwedera pang'onopang'ono.

"Zikomo," anatero Kaphuma. "Kodi simutopa n'kusesa?"

"Sindisesa chabe. Ndikusesa, ndikudya. Chimene iwe umati litsiro, ife timati chakudya."

Nkhono inadutsa. Inapereka moni. Moniwo unali wautali kwambiri. Pamene inkamaliza, Kaphuma anali atayasamula kale.

Kathovu kanatuluka patsamba. Kaphuma anakakumbatira. Kanamunyamula. Anakwera, anakwera. Anadutsa tinsomba. Anadutsa nsonga za mitengo. Pansi, Natsache ankadzikoka m'chiuno.

"Diresi langali layamba kundithina," anatero Natsache.

"Langanso limandithina," anayankha Kaphuma. "Amayi akuti ndakula."

Kathovu kanafika pamwamba. Kanaphulika, phu. Kaphuma anadzuka. Tsaya lake linali patebulo.

Anatikita maso. Anayang'ana Natsache weniweni. Ndipo anaona chinthu chatsopano. Kunsi kwa mimba ya Natsache kunali timazira. Tinali tachikasu. Tinali tambiri, tothithikana. Natsache ankatikupiza ndi timiyendo take.

"Amayi, Natsache ali ndi mazira. Tabwerani muone."

"Ndikubwera, mwanangu. Nditsirize kaye ichi."

Kaphuma anaonera yekha. Tsopano ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuona ana a Natsache.

Ankadzuka, n'kukayang'ana. Timazira tinalipo. Ankaweruka, n'kukayang'ana. Timazira tinalipo. Natsache ankasesa, akukupiza. Ankakupiza, akusesa.

Koma pagalasi panayamba kumera ndere. Zinamera m'makona. Zinamera kumbali ya zenera. Zinali zobiriwira, zoterera.

Amayi anadutsa ndi mulu wa zovala. Anaima. Anakwinya nkhope.

"Thanki iyi yada. Ikufunika kutsuka."

"Amalume anati manja kumbuyo."

"Amalume akowo ndikuwadziwa. Malaya awo ndimachapa ndine."

Amayi anapitirira. Koma diso lawo linatsala pa ndere zija.

Mmawa wina Kaphuma anadzuka. Tsikulo sukulu kunalibe. Anathamangira kuthanki. Anayang'ana pamwala. Anayang'ana patsamba. Kenako anayang'ana pamchenga.

Natsache anali atagona cham'mbali. Sanali wofiira. Anali woyera, woonekera mkati. Sankasesa. Sankakupiza. Timazira panalibe.

Kaphuma anagogoda galasi. Natsache sanasunthe.

Mtima wa Kaphuma unasweka. Analira kwambiri.

Amayi anabwera msanga. Ulendo uno sananene za kutsiriza. Anamukumbatira. Anamupukuta misozi ndi nsalu yawo.

"Natsache wafa, amayi. Ana akenso palibe."

"Pepa, mwanangu. Pepa. Ndi litsiro ili lamupha. Ndinkaliona ine."

"Nanga titani?"

"Tipulumutse zotsalazi. Tinsomba tiika m'beseni. Madzi akudawa titaya. Galasi titsuka ndi sopo, liyere."

Amayi ankafuna kuthandiza. Kwa iwo mankhwala a vuto lililonse anali sopo. Kaphuma naye mutu unali utazungulira. Mawu a amalume anali atathawa.

Amayi anapita kukatenga beseni, sopo ndi bulashi. Kaphuma sanadikire. Anatenga kapu yoyera ya tiyi. Anatunga madzi pafupi ndi kathengo kofewa kaja. Anathamanga nawo panja. Anafika pangalande. Anapendeketsa kapu.

Dzuwa linagwera m'kapumo. Madzi anasanduka agolide, ngati masana aja.

Kaphuma anaima. Mawu aja anabwerera okha. Ukaona chachilendo, usathamange. Manja kumbuyo, maso patsogolo.

Dzanja limodzi linali ndi kapu. Linalo analiika kumbuyo. Anayang'ana m'kapu.

Sanaonemo kanthu.

Miyendo yake inati, taya, tithamange. Kaphuma sanaimvere. Anayang'anabe. Madzi anasiya kugwedera. Anakhala bata.

Pansi pa kapu panali kadontho. Kanali kochepa ngati kanyenyeswa ka buledi. Kadonthoko kanasuntha.

Kaphuma anayandikitsa maso. Kadontho kanali ndi timaso tiwiri takuda. Kanali ndi tindevu. Kanali ndi timanja. Ndipo kankasesa pansi pa kapu.

Kaphuma anawongola kapu ija. Anaigwira ndi manja onse awiri. Anabwerera m'nyumba. Sanathamange. Anayenda ngati amalume.

Amayi anali ataima pathanki. Sopo anali m'dzanja. Bulashi inali m'dzanja linalo.

"Kaphuma, wadwala? Ukuyenda bwanji choncho?"

"Amayi, musatsuke. Chonde. Taonani muno."

Amayi anasuzumira m'kapu.

"Sindikuonamo kanthu. Ndi madzi chabe."

"Simungaone mutaimirira. Siyani sopo uko. Khalani pansi."

"Mwanangu, zovala zikundidikira."

"Pang'ono pokha, amayi. Manja kumbuyo, maso patsogolo."

Amayi anamuyang'ana mwana wawo. Misozi inali isanaume. Anaika sopo pakhomo. Anakhala pa kampando kaja. Anaika manja kumbuyo. Manja awonso anayabwa.

Anayang'ana. Anayang'anabe. Kenako anapuma mozama.

"Kali ndi maso," ananong'ona amayi.

"Ndi mwana wa Natsache."

"Kakusesa m'kapu yanga ya tiyi."

Kaphuma anamiza kapu m'thanki pang'onopang'ono. Kamwana kanatuluka. Kanasambira. Kanakatera pagalasi, pa ndere zobiriwira zija.

Pa ndere paja panali kena. Pambali pake panali kenanso. M'makona munali tina. M'kathengo kofewa munali tambirimbiri. Timazira tija sitinasowe. Tinali titaswa. Tiana tonse tinkatola, tinkadya.

Amayi anagwira pakamwa.

"Ndiye litsiro lija ndi chakudya chawo?"

"Eya, amayi."

"Ine ndikanatitaya tonse mungalande."

"Ine ndiye ndinayamba kale," anatero Kaphuma.

Onse awiri anachita mantha ndi chimene chikanachitika. Amayi anakokera Kaphuma pamiyendo pawo.

Kaphuma anasangalala. Koma chisoni sichinathe. Analoza pamchenga.

"Ana alipo. Koma mayi wawo wafa. Adzawalera ndani?"

Amayi anasuzumira pamchengapo. Sanadzukenso. Anayang'ana chinthu choyera chija. Anapendeketsa mutu. Amayi nsomba sankazidziwa, koma zovala ankazidziwa.

"Taima, Kaphuma. Taona pamsana pake. Pang'ambika."

"Pang'ambika?"

"Ndipo mkati mulibe mwini wake. Ichi ndi chovala."

Kaphuma sanamvetse. Anaika chibwano patebulo. Amayi anaika chawo pambali pake. Anadikira. Dzuwa linasuntha pang'ono. Kathovu kanakwera. Nkhono inadutsa.

Kunsi kwa kachitsa kunatuluka ndevu. Zinagwedera uku ndi uku. Kunatuluka timaso. Kunatuluka kamsana kofiira. Kanali kofiira kuposa kale, konyezimira.

"Natsache!" anafuula Kaphuma.

Anali Natsache yemwe uja. Anali wamoyo. Anali atakulako pang'ono. Tishirimpi tikakula timafundula. Timavula chigoba chakale, chifukwa chatsopano chili kale mkati. Tikavula timabisala kaye, chatsopanocho chilimbe.

Natsache anayenda mwamanyazi. Anafika pamwala. Anayamba kusesa.

"Diresi linkamuthina," anatero Kaphuma. "Wangolivula."

"Wavula n'kulisiya pansi pomwepo," anatero amayi. "Ine ndikumudziwa wina amene amatero."

Kaphuma anabisa nkhope pachifuwa cha amayi. Anaseka. Amayi anaseka. Anaseka mpaka misozi ina inabwera, koma iyi inali yabwino.

"Tilichotsemo diresilo?" anafunsa Kaphuma.

Asanayankhidwe, tishirimpi tina tinafika. Tinazungulira diresi loyera lija. Tinayamba kulitola, kulidya. M'thanki muja simunkatayika kanthu.

"Lisiye," anatero amayi. "Ili lokha sindichapa."

Amayi anabweza sopo kochapira. Anabweza bulashi. Anabweza beseni. Kenako anabwerera pa kampando. Tsiku limenelo zovala za anthu zinadikira pang'ono. Palibe malaya amene anadandaula.

Kuyambira pamenepo, masana aliwonse pankakhala anthu awiri pathanki. Kaphuma ankatsina chakudya ndi zala. Amayi ankagoneka madzi m'ndowa. Ankapukuta galasi kunja kokha. Mkati ankasiyira eni ake.

Tiana ta Natsache tinakula. Tinayamba kufiira. Nthawi zina pamchenga pankapezeka kadiresi kakang'ono koyera. Kaphuma sankaliranso.

"Wina wakula," ankatero.

Zomera zinafika pamwamba pa madzi. Ndipo masana ena munthu anagogoda pachitseko.

"Odi kuno."

Anali amalume. Anali ndi fumbi m'tsitsi. Anali ndi chikwama paphewa.

"Takulandirani, achimwene," anatero amayi. "Lowani, koma mwakachetechete. Kuno tikuonera."

Amalume anadabwa. Mlongo wawo anali atakhala pansi masanasana. Kaphuma anadzuka, nalandira chikwama. Anayenda nacho pang'onopang'ono.

"Kodi ndasochera nyumba?" anafunsa amalume.

Kaphuma anawafotokozera zonse. Anafotokoza za timazira. Anafotokoza za diresi loyera. Anafotokoza za kapu ndi ngalande. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto.

"Wagwira ntchito, Kaphuma," anatero. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ndinawaona kale, amalume. Ali kunsi kwa tinyanga take."

Amalume anagwada pafupi ndi tebulo. Anayang'ana m'thanki. Tishirimpi tofiira tinali ponseponse. Tinali pamwala. Tinali pakachitsa. Tinali pamasamba.

Pamwamba pa madzi pankayandama tsamba lofota. Amalume anapinda dzanja la malaya. Anatambasula mkono kuti alichotse.

Amayi anawagwira padzanja.

"Achimwene, pansi pa tsambalo pali ana. Manja kumbuyo."

"Maso patsogolo, amalume," anatero Kaphuma.

Amalume anaseka chapansipansi. Anaika manja kumbuyo.

Dzuwa linalowa pazenera. Madzi anasanduka agolide. Tithovu tinakwera kamodzikamodzi. Natsache ankasesa pamwala. Ana ake ankasesa pambuyo pake.

Panja, zovala zinali zitauma pachingwe. Kaphuma anatsamira paphewa la amayi.

"Amayi, simukukaanula zovala?"

"Ndipita, mwanangu," anatero amayi. "Nditsirize kaye ichi."

Ndipo anakhalabe pomwepo, akuonera limodzi ndi Kaphuma.